Tchizi ya ku Loji ndi Mabisi a Amayi

Ndinkagwira ntchito m'khitchini ya loji ina ku Nakatindi. Mkulu wa ophika, mayi wa ku Falansa, anandiphunzitsa kuphika payi ya mazira ndi tchizi. Tchiziyo inkanunkha ngati sokosi, koma alendo sankasiyako n'kanyenyeswa komwe.

Loweruka lina ndinatengako chidutswa cha tchiziyo n'kupita nacho kumsika wa Maramba, kumene amayi anga ankagulitsa mabisi, mkaka wosasa wakwathu. Ndinkangoti alavula. Iwo anatafuna pang'onopang'ono, maso ali kumsewu.

"Mwana wanga, aya ni mabisi chabe," anatero. "Kungoti anawasunga nthawi yaitali."

Chaka chonse chimene ndinagwira ntchito palojipo, mabisi awo ndinkawamwera kuseri kwa khitchini, botolo nditalikulunga m'pepala, kuopa kuti anzanga angandiseke.