Udzu Wobisala Pansi pa Malata

Chaka chomwe fodya adatikomera, amuna anga adasasula udzu padenga n'kukhoma malata. Kwathu kwa Mavwere nyumba ya malata ndi ulemu, ndipo bambowo adasintha ndi kayendedwe komwe. Mlendo akafunsa njira, ankamulozera kuyambira panyumba pathu, ngakhale akulowera kwina. Udzu wakale adauunjika kuseri, ati adzautentha.

Kenaka udafika Okutobala. Dzuwa likafika paliwombo, m'nyumba munkakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Mwana wathu wakhanda adatuluka totupa thupi lonse, kulira osatonthola. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndidanyamula mwana ndi mphasa n'kusamukira m'khitchini ya udzu.

"Mayi, mukundichititsa manyazi," adadandaula bambowo. "Anthu aziti chiyani?"

"Aziti mwana wagona," ndidayankha.

Anthu sadatero. Pamjigo padamveka zoti banja lathu lagwedezeka, mkazi wathawa kuchipinda. Zidandiwawa kwambiri, chifukwa mwamunayo ndinkamukonda, ndi matama ake omwe. Sabata isanathe ankhoswe adatulukira, amalume anga ndi alamu anga, akulu awo a bambowo, kudzamva chomwe chalekanitsa anthu.

Pansi pa mtengo wa mango panali mthunzi wabwino, koma amuna anga, pofuna kuonetsa nyumba, adawalowetsa pabalaza. Anali masana. Ine ndidakhala pansi chapakhomo.

Amalume adayamba bwino. "Banja ndi kupirira, mwana wanga." Adavula jekete. "Mkazi sathawa nyumba yake." Adamasula mabatani a malaya, thukuta lili chuchuchu. Alamu anali akudzikupiza ndi chipewa. Amalume adayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenaka adati, "Akamwini, bwanji nkhaniyi tikaimalizire panja?"

Mlandu udathera pomwepo.

Nzeru idachokera kwa alamu, omwe amayendetsa thiraki kudutsa paboda. Adati nyumba ya malata imafuna siling'i, ndipo pamwamba pake amayalapo zotchinga kutentha, adaziona ku Zambia. Zakusitolozo ife tikadazipeza kuti? Tidapingasa nsungwi pamwamba pa zipupa n'kumangirirapo mphasa. Kudatsala choyala. Amuna anga adatchula makoko a mtedza, ine ndidawafunsa ngati ayamba ulimi wa makoswe. Ndidangoona maso awo akulowera kuseri, pamulu wa udzu uja.

Adaukweza okha, mtolo umodziumodzi, m'mamawa anthu asanayambe kudutsa. Adauyala mochindikala, n'kusiya mpata pansi pa malata kuti mphepo iziyenda. Sindidawathandize, ndinali wotanganidwa ndi kubisa chiseko.

Masana a tsiku lomwelo ndidalowa ndi mwana, mtima uli m'mwamba, poopa kuti tangovutika chabe. M'nyumba munali mozizira bwino. Mwana adayamwa n'kugona mpaka dzuwa kupendeka. Amuna anga adaima pakhomo kumuyang'ana, tiudzu tili m'tsitsi, ndipo apo ndidawamvera chisoni.

"Mayi, musakauze anthu kumjigo," adanong'ona.

"Sindikauza munthu, bambo. Malata ndi a odutsa m'njira, udzu ndi wathu."

Ndidawachotsa tiudzu tija m'mutu, kenaka ndidapita kukhitchini kukatenga mphasa yanga.