Sanati Wachira

Mdzukulu wanga ndi mtsikana wamtali. Anatengera malemu agogo ake aamuna, ndipo mawu akenso ndi aakulu, akaitana mbuzi zimamva zili kutsidya kwa dambo. Ndinamulera ndekha kuyambira tsiku lobadwa, chifukwa mayi ake, mwana wanga wachiwiri, anatisiya tsiku lomwelo. Atalowa sekondale yoyendera ya kwathu kuno, kufupi ndi Ligowe, anayamba nawo zisudzo. M'gulumo munali atsikana khumi ndi awiri. Anyamata analipo atatu poyamba, koma mpira utayamba anathawa onse.

Tsono masewero amene aphunzitsi awo anali nawo m'buku anali odzaza amuna: bambo woledzera, wapolisi, woweruza milandu, malume olanda katundu wa amasiye. Mkazi amakhala mmodzi kapena awiri, ntchito yake kulira ndi kubweretsa madzi. Ndiye sewero lililonse mdzukulu wanga ankamupaka makala pachibwano, kumuveka jekete lobwereka kwa alonda a pasukulu, iye n'kukhala bambo. Ankachita bwino, mwina mopitirira. Tsiku lina anadzandira ngati chidakwa mpaka amuna ena pagulu anayamba kuyang'ana pansi.

Vuto linayambira pamenepo. Anyamata a pamsika anamupatsa dzina loti abambo. Akamadutsa ndi ndowa pamutu, wina ankavula chipewa n'kuwerama, amvekere, "Mwaswera bwanji abambo? Kodi mayi a kunyumba ali bwanji?" Iye ankaseka nawo, koma ndinaona kuti wayamba kuyenda chowerama kuti afupike, ndipo polankhula ankafinya mawu kuti achepe. Kenako anandiuza kuti zisudzo wasiya basi. Zinandipweteka, chifukwa mwanayu ndi wofatsa kwambiri, ndipo malo okhawo amene ankatsegula pakamwa pagulu anali amenewo.

Patapita masiku, aphunzitsi aja anabwera kunyumba. Anali mayi wachitsikana wa ku Blantyre, nsapato zawo zitafiira ndi dothi la njira yathu. Anatipeza tikusenda mbatatesi pakhonde. Anati amva kuti ndimadziwa nthano zambiri, ndipo akufuna imodzi yokhala ndi akazi ochuluka kuti atsikana aleke kuvala majekete. Anatulutsa kope ndi cholembera. Ine sukulu sindinapiteko, koma ndinawauza kuti zimenezo n'zosavuta, angosankha.

Ndinayamba kuzitchula imodziimodzi, iwo akuwerenga anthu ake pa zala. Iyi amuna anayi, mkazi mmodzi. Iyo mnyamata amapita ulendo, mtsikana ndi mphoto yake akabwerako. Ina inali ndi akazi awiri, koma akulimbirana mwamuna, ndipo mwamunayo ankafunikanso munthu wamtali. Tinaseka, koma mumtima ndinachita manyazi. Nthano zonsezi ndinazimva kwa akazi, ndazinena kwa ana aakazi zaka ndi zaka, eti osazindikira kuti oyendamo ake ndi amuna. Za akazi okhaokha ndinali nazo, za kuchinamwali, koma zimenezo sizituluka pabwalo la sukulu. Aphunzitsi anamvetsa, sanafunse kawiri.

Atatsala pang'ono kutsanzika anafunsa ngati alipo malo amene ndinakhalako opanda mwamuna ndi mmodzi yemwe. Ndinati alipo, kuchidikiro. Ndi kuseri kwa chipatala cha kuboma, kumene amayi oyembekezera ochokera kutali amakadikira masiku awo, aliyense ndi womusamalira. Ndinakhalako masabata atatu ndi mwana wanga uja. Ndinawauza za mafuwa ondandalikana, za kupemphana moto ndi mchere, za mayi wina wa ku Nsambe amene ankabisa usipa wake m'chitenje koma mphaka n'kumamutsatira paliponse. Ndinawauzanso za asewele awiri, mayi a mkazi ndi mayi a mwamuna, amene ankaphika miphika iwiri ya phala la munthu mmodzi chifukwa wina sankakhulupirira dzanja la mnzake. Aphunzitsi ankalemba mothamanga. Mdzukulu wanga anakhala ngati sakumva, koma mpeni unali utaima m'manja mwake.

Mawa lake anati apita kukangoonerera anzake. Anabwerako atamupatsa malo a gogo wodikirira mwana wake, ndipo anandibwereka duku.

Patatha masabata awiri anandiitana masana ena kuti ndikaone pokonzekera. Sewero la kuchidikirolo atsikanawo anali atalipanga bwino, mphaka anali mtsikana wamng'ono pa onse. Kumapeto wina wovala zoyera ngati namwino anatulukira n'kunena mokweza kuti, "Agogo, mwana wanu wabereka." Ndinawaimitsa. Ndinati zobereka ndi mbuzi ndi mapapaya, munthu timati wachira. Atsikana anaseka, aphunzitsi anafunsa kuti wachira bwanji ngati ankadwala. Ndinawauza kuti eya, ankadwala. Mayi woyembekezera ali pakati pa moyo ndi imfa, n'chifukwa chake timati ali ndi pakati. Uthenga woyamba si wa mwana ayi, ndi wa mayi. Wachira. Za mwana zimabwera pambuyo. Aphunzitsi anafufuta m'kope mwawo n'kulemba mawu atsopanowo.

Pobwerera, titafika pa mitengo ya manachesi ya kumunda kwathu, mdzukulu wanga anaima.

"Agogo, nanga inu tsiku lija anakuuzani kuti chiyani?"

Chibadwire anali asanafunsepo. Ankadziwa kuti mayi ake anamwalira pomubala, ndipo ine ndinkati zimenezo n'zokwanira. Ndinakhala pamzere wa mbatata n'kumuuza. Unali m'mawa, nditatereka phala. Anamwino ena achikulire, amene anavutika naye mwana wanga mpaka mapeto, anabwera okha mpaka pamafuwa, ananjuta pafupi nane n'kunena kuti, "Agogo, mwana ali bwino, ndi wamkazi." Ndinadikira mawu ena aja. Sanabwere. Akazi onse pamoto paja anamva zimene sizinanenedwe. Mayi wa usipa uja anangonyamuka n'kuphula mphika wanga kuti phala lisapserere.

Mawa lake mdzukulu wanga anakauza aphunzitsi kuti sewero lithere pamenepo. Iwo anabweranso kudzandipempha, chifukwa anati nkhaniyo ndi yanga. Anali ndi nkhawa kuti anthu samvetsa, ndipo ankafuna namwino awonjezere kuti mayi watisiya. Mdzukulu wanga anakanitsitsa. Anati ngati agogo anamva, enanso amva. Ndinavomera. Ndinaona kuti nkhaniyo si yanga ndekha. Iye analipo tsiku limenelo, kungoti anali m'nsalu.

Analichita tsiku lotsekera sukulu, masana, pansi pa mitengo ya bulugama. Makolo tinakhala monga mwa masiku onse, amayi pansi mbali imodzi, abambo pamabenchi mbali ina, anyamata a pamsika ataima kumbuyo. Anthu anaseka za mphaka, anaseka za miphika iwiri mpaka mayi wina analoza mnzake. Kenako namwino anatulukira, ananjuta, n'kunena mawu aja.

Abambo anayamba kuwomba m'manja. Mnyamata wina kumbuyo anaimba likhweru. Iwo anamva kuti mwana ali bwino, ndiye anati latha bwino basi. Koma kumbali ya amayi kunalibe nthungululu ndi imodzi yomwe. Tonse tinali duu. Abambo aja anacheuka kutiyang'ana, manja anayamba kulekeza mmodzimmodzi, mpaka pabwalo ponse panangoti zii.

Mdzukulu wanga anali ataima chilili, utali wake wonse osawerama, akuyang'ana pakamwa pa namwino, kudikira. Anadikira nthawi yaitali. Kenako anapukuta manja pachitenje, mbali zonse ziwiri, n'kuwatambasula kulandira kamwana ka nsanza. Za kupukuta manjazo sindinamuuze. Sindikudziwa anazitenga kuti, koma ndi mmene ndinachitira.

Jekete lija linabwerera kwa alonda. Anyamata a pamsika sanaleke kumuseka, anangosintha dzina, tsopano amati agogo. Ndinamumva tsiku lina akuwayankha ndi mawu ake onse, aakulu aja, kuti, "Ndaswera bwino adzukulu. Kodi mwasamba koma lero?"

Zisudzo sanasiyenso. Aphunzitsi anabweranso ndi kope lawo kudzafunsa malo ena otero. Ndawauza za kuchigayo, za pamjigo, za m'nyumba ya siwa mmene amayi timakhala pamaliro. Ena ndikuwakumbukirabe.