Kazenera ka a Marlys

Chaka chilichonse, chisanu chikayamba kuluma kwawo ku Dakota, a Delbert Hoskins ankakoka kalavani yawo mpaka kuchipululu cha Quartzsite, kumene nkhalamba zothawa kuzizira zimaunjikana ndi nyumba zawo zamatayala. Ntchito yawo inali yaing'ono koma yodyetsa: kuveka zipewa zapulasitiki timazenera ta padenga la makalavani. Kazenera kopanda chipewa n'kovuta. Ukakasiya kotsegula mvula imalowa, ukakatseka m'nyumba mumasanduka ng'anjo. Woveketsa chipewa ankapita koyenda mtima uli m'malo.

Zaka makumi awiri ntchitoyi ankagwira awiri. A Delbert padenga chogwada, masikuluwu ali kukamwa, akazi awo a Marlys m'kati ataima pakampando. Akamanga tizitsulo tinayi, kupaka phula m'mabowo n'kukhazika chipewa, bambowo ankagogoda denga kawiri n'kunena kuti, "Pukusani, mayi." A Marlys ankapukusa chogwirira, kachitseko ka zenera n'kumadzuka pang'onopang'ono, onse makutu ali tcheru. Kakakhula chipewa, ndiye kumasula n'kuyambiranso, ndipo ulendo woyamba sikankalephera kukhula.

"Mwakhotetsanso ngati mphuno yanuyo," ankatero mayiwo.

Koma kalavani yawoyawo inalibe chipewa. A Marlys anakana kwamtuwagalu. Kazenerako kanali pamwamba penipeni pa bedi, ndipo masana ankakonda kugona chagada n'kumaonera mitambo ikudutsa pakabowopo. Ankati sanachoke ku Dakota kudzayang'ana pulasitiki. Mlonda wa mvula anali iwo omwe: dontho loyamba lisanafike pansi, atseka kale.

Khansa inawatenga a Marlys chaka chathachi. A Delbert anabwerabe kuchipululu, nanga akanalowera kuti? Ntchito inawirikiza: kukwera, kumanga, kutsika, kupukusa okha, kukweranso, mawondo akulira. Anthu ankawapatsa khofi ndi mawu achisoni, koma pobwerera ankapeza kalavani ili zii, ndipo ankadya nyemba zam'chitini ali chiimire chifukwa tebulo la anthu awiri linkawapweteka mtima. Kazenera kaja ankakasiya kotsegula pochoka m'mawa. Kaya kunali kuiwala kaya dala, eni ake sankadziwa.

Chipululu sichidziwika ndi mvula, koma mvula ikakuona litsiro sikata. Kawiri konse inawapeza ali padenga la eni, kutali. Matiresi ananyowa, thabwa lozungulira kazenera linada n'kuyamba kufewa.

A Orval, mnzawo wa kalavani yoyandikana, anadina thabwalo ndi chala, chala n'kulowa.

"Akulu, denga ili likawola, kalavani ndi yokataya kudzala basi," anatero a Orval. "Mukakhala kwa mwana wanu ku Fargo, m'kachipinda kapansi, azikakuuzani nthawi yogona. Mwaveka chipululu chonse zipewa, inuyo mutu uli pamtetete?"

A Delbert za kachipindako ankazidziwa, mwana wawo ankakatchula pafoni Lamlungu lililonse, ndipo ankakaopa kuposa imfa. A Orval anadzipereka kudzawapukusira, koma iwo anati athana nazo.

M'mawa mwake kumadzulo kunada. A Delbert anagona kaye chagada pabedi, mbali imene ankagona a Marlys, chinthu chomwe anali asanachitepo. Kathambo kooneka pakazenerapo kanali kochepa, kongokwana mpango wam'thumba. Anadikira mpaka mtambo umodzi unalowa mbali iyi n'kutulukira inayo. Kenaka anatenga makwerero ndi chipewa.

Sanagwirepo ntchito mosamala chotero. Anayeza kawiri, anapukuta fumbi, phula anapaka ngati akudzoza khanda. Atamanga sikuluwu yomaliza, dzanja linagogoda lokha kawiri, pakamwa n'kutsatira.

"Pukusani, mayi."

Anawamva okha mawuwo atatuluka kale. Komabe anadikira, ali chigwadire, khutu lili pachipewa. Kutali injini ya wina inkalira.

Anatsika pang'onopang'ono, nakwera pakampando kaja n'kupukusa. Kachitseko kanadzuka mpaka pamapeto, osakhula ngakhale pang'ono. Zaka makumi awiri, leroli ndiye analunjika ulendo woyamba, ndipo panalibe womuuza.

Mvula inafika masana. Inagwa yamphamvu, ndipo m'nyumba simunalowe dontho. A Delbert anagona mbali ya a Marlys, kazenera kali kotsegula, akuyang'ana pulasitiki.