Kapepala ka m'thumba la alamu anga

Chaka chimenecho nkhondo inali itatseka kale msewu wa ku Mocuba, ndipo mu vila ya Milange, katauni kathu ka kumalire, munali mutadzaza anthu othawa ku Mongue ndi ku Majaua. Ine ndinali mphunzitsi wa kalasi yachitatu, wosakwatiwa, ndikukhala kwa achemwali anga. Amuna awo anali kalipentala, munthu wofatsa woti ngakhale nkhuku ankaipempha kuti isunthe.

M'kabati ya ku parishi ndinapezamo buku lachipwitikizi lothothoka chikuto. Linali sewero la ku Mangalande, la nthawi yamakedzana pamene akazi ankavala madiresi okwekwereza pansi. Mkazi aona mwamuna wake akukwirira bokosi m'munda wa maluwa. Mwamunayo agwirizana ndi dokotala kuti amuuze mkaziyo kuti palibe chimene anaona, mutu wake ndiwo wasokonekera. Ndinalitembenuza m'Chinyanja, ndikulemba pamanja m'makope a kusukulu, kenako ndinasonkhanitsa a kwaya asanu kuti tilichite. Tinkangofuna kuti anthu aone china chake kupatula maliro.

Panthawiyo simukanasonkhanitsa anthu popanda chilolezo. Ndinapita ndi kope lija kwa mkulu wina wa boma woona za chikhalidwe. Anakhala nalo masiku awiri, nadinda karimbo, chidindo chake, patsamba loyamba. Anaseka n'kunena kuti timusungire mpando wakutsogolo.

M'seweromo ine ndinali mkazi uja, mphunzitsi mnzanga anali mwamunayo. Udokotala ndinakakamiza alamu anga chifukwa cha ndevu zawo. Anakana katatu. Kuwerenga ankawerenga movutikira, choncho ndinawalembera mawu awo pakapepala ndi zilembo zikuluzikulu. Ankakasunga m'thumba la malaya, n'kumaloweza uku akupala matabwa. Mawuwo ndimawakumbukirabe: "Timutsekere m'chipinda Lachisanu. Palibe amene adzamve kukuwa kwake. Makiyi ndisunga ine."

Tsiku lina alamu anawoloka kupita ku Muloza, tsidya la Malawi, kukagula mchere ndi nsalu yakuda yosokera jekete la dokotala. Chikalata chaulendo anali nacho. Pobwerera, asilikali anawasecha pamsewu, napeza kapepala kaja. Mayi wina wogulitsa nthochi ndiye anathamanga kudzatiuza kuti alamu awamanga manja kumbuyo, akuti ndi kazitape wa anthu a m'tchire, zigawenga zomenyana ndi boma.

Ndinatenga kope ndi kupita kukampu. Msilikali wapageti anayang'ana karimbo ija n'kunena kuti mwini wake abwere yekha adzavomere. Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ndinathamangira ku ofesi ya mkulu uja.

"Kamarada pulofesora, sewero liti?" anandifunsa, kunditcha mphunzitsi m'Chipwitikizi, maso ali pa mapepala ake.

"Ili, bambo. Munaliwerenga masiku awiri. Karimboyi ndi yanu."

"Karimbo imakhala patebulo. Aliyense angathe kulowa n'kudinda."

"Munati tikusungireni mpando wakutsogolo!"

Anadzutsa mutu, nandiyankha mofatsa ngati akulankhula ndi wodwala. "Ine sindikukumbukira kuti munabwerapo muno. Mwatopa, mayi. Nkhondoyi ikusokoneza ambiri. Kapumeni."

Mlembi wake, amene anandipatsa mpando tsiku loyamba lija, anangowerama n'kumasongola pensulo. Ndinatenga kope langa n'kutuluka. Ndikudziwa kuti munthuyo ankaopa, tonse tinkaopa. Koma anangofunika kuyenda mtunda woti ndudu ya fodya singathe n'komwe, n'kunena mawu amodzi akuti inde. Anasankha kunditcha wamisala.

Masiku asanu ndi anayi achemwali anga ankanyamula chakudya kupita kukampu, ndipo mbale zinkabwerera zopanda kanthu koma osadziwa amene wadya. Ndi ine sankalankhula. Tsiku lachisanu anandiuza chinthu chimodzi chokha: "Anakukanira katatu."

Katekisita wathu, mkulu wachilomwe wosachita manyazi, anakhala pageti la kampu mpaka komandante, mtsogoleri wa asilikaliwo, anatopa naye. Yankho linabwera lakuti ngati ndi sewero, tikalisewere iye akuona.

Tinalisewera masana dzuwa lili paliwombo, pabwalo la fumbi, asilikali atakhala pamatayala. Ndinavala diresi losokedwa ndi makatani akale a ku parishi. Alamu anawatulutsa opanda malaya. Msana wonse unali mikwingwirima ya chikwapu cha shamboko, dzanja lamanja litatupa ngati papaya. Atandiona anayesa kumwetulira, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mabalawo.

Mphunzitsi mnzanga anaiwala theka la mawu ake chifukwa cha mantha. Alamu sanaphonye ngakhale amodzi. Atafika pa "Makiyi ndisunga ine," asilikali anafa nacho chiseko, ena mpaka kugwa pamatayala. Omwewo amene anawathyola zala chifukwa cha mawu amenewa. Pamene ndinayenera kulira ngati mkazi wosokonezedwa, sindinalire. Ndinakuwa kuti ndinaona ndi maso angawa, ndinakuwa mpaka mawu anasasa, ndipo iwo anaomba m'manja poganiza kuti ndi luso.

Komandante anapukuta misozi ya chiseko. "Tengani dokotala wanuyo," anatero. Nsalu yakuda ndi mchere sanabweze.

Tikutuluka ndinaona mkulu wa chikhalidwe uja ataima pamthunzi wa mango. Anali ataonera zonse. Anabwera atatambasula dzanja, akuti ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti ndi ntchito yabwino yophunzitsa anthu. Dzanjalo ndinalisiya m'malere. Katekisita anandinong'oneza kuti ndisayambitse mlandu wina, koma sindinalilandire.

Kutchalitchi sewerolo sitinalichitenso. Zala zitatu za alamu zinapola zopindika, moti sanathenso kugwira bwino chopalira matabwa. Patapita miyezi yowerengeka vila inagwa m'manja mwa a m'tchire, tonse tinawoloka Ruo kuthawira ku Malawi. Kumsasa wa othawa nkhondo achemwali ndiwo ankadyetsa banja pogulitsa zitumbuwa, alamu akulera ana. Alamu sanandinenerepo mawu oipa mpaka imfa yawo. Achemwali anadzayamba kundilankhula bwino mwana wawo wachinayi atabadwa.

Mkulu wa chikhalidwe uja anapulumuka nkhondo, anakwezedwa pantchito, anakalamba bwino. Ndinamva kuti pamaliro pake anthu anamutama kuti ankakonda zisudzo. Ine ndinali kumunda tsiku limenelo, ndikupalira nyemba.