Kaseti ya Che Mbaraka

Che Mbaraka anafika ku Mzuzu mu 1984 kuchokera ku Machinga. Anabwera ndi mkazi wawo Zainaba, makina osokera, ndi wailesi ya makaseti awiri imene anagula kwa munthu wina wochokera ku Joni. Anapeza malo pakhonde la sitolo ina ku Chibavi, n'kuyamba kusoka mayunifolomu a ana asukulu. Utelala ankaudziwa ndithu, koma ukawasiyira nsalu Lolemba, Lachisanu unkawapeza asanaidule, dzanja lili pa wailesi.

Sankatha kukhazikika pa siteshoni imodzi. Ankapotokola kosakira tsiku lonse, kuchoka pa wailesi ya kuno kupita ya ku Tanzania, kenako ina yaphokoso ya kutali imene sankadziwa ngakhale dziko lake. Akamva chowagwira mtima ankadina batani lofiira n'kujambula. Choncho makaseti awo anali osakanikirana: taarabu ya ku Zanzibar, kwaya ya amayi a Chitumbuka, mzungu wa ku Amereka akudandaula ndi gitala, kwasakwasa, kenako malipenga amene anakajambula okha ku Nkhata Bay atasenza wailesi paphewa.

"Bambo a Shamim, Msilamu wanji wojambula nyimbo za kutchalitchi?" ankafunsa Zainaba.

"Tangomverani amayi a mawu apansiwo," ankayankha. "Akulowa mochedwa pang'ono, ndipo akuchita dala. Anawaphunzitsa ndani zimenezo?"

Zainaba ankangotola nsalu imene yagwa pansi n'kuibwezera pamakina.

Munthu amene ankawamvetsera kwambiri anali a Overtoun Chirambo, mphunzitsi. Iwowa ankaphunzitsa ku Dedza, koma anabwezedwa kumpoto mu 1989 pamodzi ndi aphunzitsi ena akwawo, ndipo nkhaniyi inali isanawachoke mumtima. Akaweruka ankadzera pakhonde paja.

"Monire, Che Mbaraka. Lero mwatigwirira chiyani?"

Ankakhala pabenchi n'kumvetsera, koma pofika chaka cha 1993 maganizo awo anali kwina. Tauni yonse inali yosakhazikika. Anthu amene kale ankayang'ana kumbuyo asanayankhule tsopano ankakweza zala ziwiri pamsewu. Riferendamu inali pafupi, ndipo paliponse nkhani inali ya nyali ndi tambala wakuda. Che Mbaraka ankaopa. Anali mlendo, makasitomala awo anali a mbali zonse, ndiye akafunsidwa maganizo ankangokweza wailesi.

Tsiku lina mu Meyi a Overtoun anabwera osakhala pansi.

"Loweruka a matipate tili ndi msonkhano pabwalo ku Katawa. Chimkuzamawu tapeza, koma tilibe nyimbo zoti anthu azimvera podikira alendo. Mutikonzere kaseti. Ikhale yotentha chomene, marege okhaokha."

"Aphunzitsi, ine zandale ayi."

"Sindinakupempheni ndale. Ndakupemphani nyimbo."

Anavomera, ndipo masiku atatu makina sanalire. Anayambadi ndi rege, koma nyimbo yachiwiri itatha anaona kuti khutu latopa, n'kuikapo kwaya. Kwayayo inafuna chinthu chofewa pambuyo pake, ndiye anaikapo mzungu wa gitala uja. Anafufuta, anajambulanso, anasintha mabatire kawiri. Anaikamonso sikiri, nyimbo ya Chisilamu ya kwawo, imene anajambula pa mwambo wa ziyala kwa m'bale wawo. Pomaliza mbali yoyamba anasiyapo taarabu imene ankaikonda kuposa zonse, ya mayi wa mawu osasa amene ankakoka liwu limodzi mpaka womvera kuiwala kupuma. Kaseti yatsopano analibe, ndiye zonsezi anazijambulira pa yakale imene munali kale taarabuyo, ndipo nyimboyo sanaisunge pena paliponse.

Loweruka anauza Zainaba kuti akupita kukagula ulusi. Anakaima kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi. Kunali kamvula kowaza ndi mphepo yozizira. Chimkuzamawu anachimangirira pa kalole, ndipo mnyamata wamkulu wandevu ndiye ankayendetsa makinawo.

Rege italira, anthu anavina atakweza zala. Kwaya italowa, amayi anaimba nawo. Koma gitala wa mzungu atayamba, wandevu uja anazimitsa.

"Kodi tili pamaliro?" anafunsa pa chimkuzamawu, anthu n'kuseka.

Che Mbaraka anayamba kuchoka, anafika pamsewu, n'kubwereranso.

Alendo anachedwa. Ola linatha, lachiwiri linayamba, ndipo anthu anayamba kubalalika chifukwa cha kuzizira. A Overtoun anakwera pa kalole n'kuyatsa okha kasetiyo pamene inalekera. Mzungu anamaliza madandaulo ake, nkhalamba ina ya jekete lalitali ikugwedeza mutu. Sikiri itayamba, anthu ambiri anayang'anana. Amalonda atatu a Chiyao amene ankaonerera patali anasendera pafupi, mmodzi akuseka ngati wakumana ndi m'bale wake mumsewu. Ena anang'ung'udza kuti zimenezi zachokeranso kuti. Koma obalalika aja anaima kuti amve chimene chibwere pambuyo pake.

Kenako taarabu inayamba. Che Mbaraka anapezeka atafika kutsogolo osadziwa kuti ayenda liti. Mayi wa mawu osasa uja anakoka liwu lake, bwalo linachita zii, ndipo pakati pa liwulo mawu anapotoka, anatafunika, n'kuzima. Makina anali atameza tepi.

Nthawi yomweyo galimoto za alendo zinatulukira, anthu n'kuthamangira komweko. Che Mbaraka anakwera pa kalole osapempha. Wandevu anali atayamba kale kukoka tepi ndi mphamvu.

"Siyani, achimwene. Siyani ndichotse ndekha."

Anaichotsa ndi nsonga ya sizasi imene inali m'thumba mwawo. Zimene alendo anayankhula tsiku limenelo sanamveko ngakhale liwu limodzi. Anakhala kuseri kwa kalole, akuwongola tepi yokwinyika pabondo ndi kuikulunga ndi bolopeni.

Kunyumba Zainaba anali atamva kale kumene anali.

"Ulusi uja uli kuti?"

"Mundibwereke kyuteksi wanu."

Anadula pamene panatafunika n'kulumikiza ndi kyuteksiyo. Nyimbo inabwerera, koma liwu lalitali lija linali litachoka. Mayiyo ankayamba kukoka, n'kudumphira ku mawu ena. Anaimvetsera kanayi, kenako anaiika m'katoni.

Mawa lake a Overtoun anabwera akumwetulira.

"Yewo chomene, Che Mbaraka. Anthu akufunsa kuti kaseti ija anakonza ndani. Anzathu a dera la ku Geisha akuifunanso pamsonkhano wawo."

"Ku Geisha akapeze yawo."

Patapita masiku awiri anawakonzera ina, ndipo wandevu uja ndiye anabwera kudzaitenga. Makasitomala awiri a mbali inayo anasiya kubweretsa nsalu. Pa tsiku la riferendamu Che Mbaraka anakavota, koma sanauze munthu kumene anaponya, ngakhale Zainaba.

Chisankho cha 1994 chitadutsa, malonda anatseguka ndipo makaseti anadzaza mumsika. Che Mbaraka sanathenso kukhala pamakina. Anaphunzitsa Zainaba kudula nsalu, iwo n'kuyamba kukwera malole opita ku Karonga mpaka kumalire a Songwe, kukapikula makaseti. Ankabwerako ndi katoni, koma theka lake sankagulitsa. Wogula akaloza kaseti ina, ankayamba aimvetsera kaye okha, ndipo nthawi zina ankaibwezera pansi pa tebulo n'kunena kuti imeneyo yatha.

Zainaba anakhala telala wodziwika ku Chibavi, wosunga tsiku. Mu 1996 anagula makina achiwiri n'kulemba ntchito mayi wina wa ku Rumphi. Mwamuna wawo anali ku Mbeya sabata imeneyo, ndipo anadzawaona makinawo atabwerako.