Maliro Amene Mayi Anabisa

Bambo anga anali telala ku Tsangano, pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Masiku amenewo kusoka pa makina inali ntchito ya amuna. Mayi ankangololedwa kusokerera mabatani ndi kusita, ngati kuti makina amaluma akazi. Koma ankaonerera zonse.

Nkhondo itafika kwathu, anthu a mfuti anawagwira bambo panjira ya ku Ntengo-Wambalame n'kuwasenzetsa katundu. Sanabwerenso. Mayi anadikira mpaka ufa unatha m'nyumba, ndiye m'mawa wina anakhala pampando wa bambo n'kuyamba kuponda makina. Amuna a pamsika anaseka. Koma nsalu zatsopano kunalibe, aliyense ankayendera zigamba, ndipo chigamba cha mayi chinkalimba kuposa malaya ake omwe. Amayi anzawo ankalipira nyemba, mbatatesi, ena kamchere pang'ono. Ine ndi ang'ono anga tinakhala ndi moyo chifukwa cha makinawo.

Chovuta chinali mwambo. Kwathu mwamuna akamwalira, pa tsiku lometa abale ake amagawana zinthu zake, mkazi n'kutsala ndi miphika ndi ana. Makina anali a bambo.

Tsiku lina kunabwera mayi wina amene anathawa m'manja mwa anthu a mfuti aja. Anawauza mayi kuseri kwa nyumba, ine ndikumva, kuti bambo anagwa ndi katundu pamutu ndipo anthuwo sanawasiye amoyo. Mayi anamugwira dzanja.

"Mana, mchemwali wanga, chonde musauze munthu. Alamu anga akamva, ana angawa adya chiyani?"

Kuyambira pamenepo mayi anakhala wamasiye wobisala. Akulu awo a bambo akabwera kudzafunsa, mayi ankayankha kuti, "Alamu, munthu sitimumetera tisanaone mtembo. Abwera." Ankalira pokhapokha makina akuyenda, kuti phokoso libise mawu awo. Mpaka lero zimandiwawa kuti bambo anga sitinawalire pa nthawi yake, koma mayi sindiwaweruza.

Mayi wothawa uja anadwala, ndipo asanamwalire anaulula kwa abale a bambo, poopa kupita kumanda ndi uthenga wa wakufa.

Anatimeta tonse pansi pa mtengo wa pichesi. Makina anapatsidwa kwa mwana wa mlongo wawo wa bambo, munthu amene sankadziwa ngakhale kulowetsa ulusi m'singano. Mayi anapempha kuti aziwabwereka. Abalewo anawayankha kuti wamasiye sapanga nawo malamulo.

Akuwamanga makinawo panjinga, mayi analira mokweza koyamba, anthu n'kumati, "Eya, tsopano akulira mwamuna wawo." Ine ndinali nawo pamphasa. Ndinaona mapazi awo akuponda, chidendene, zala, chidendene, zala, pa dothi lokhalokha.