Thandala Lalifupi la Malume Genzo

Malume anga, a Hosaka Genzo, anaimba foni ku ofesi yathu ya matakisi m'malo moimbira ine. Anati akufuna galimoto tsiku lonse Lachinayi, ndipo woyendetsa akhale ineyo, Harue. Zinandinyansa. Ine mwana wa mlongo wawo, amene ankandipukuta mamina ndili wamng'ono, lero azindiitanitsa kudzera ku ofesi ngati mlendo wa ku Tokyo?

Ndinawapeza ataima pachipata, atavala suti yakuda imene amapita nayo kuukwati ndi kumaliro komwe. M'manja anafukata botolo lalikulu la vinyo, lija la pafupifupi malita awiri, atalikulunga m'nsalu.

"Wamwalira ndani, malume?"

"Tsegula chitseko, iwe. Ndikukalawa vinyo."

"Inuyo? Si inu mumati vinyo wa anthu ena ndi madzi otsukira mbale?"

"Lero ndikufuna ndiwamve madziwo."

Sindinafunsenso, chifukwa nkhaniyo ndinkaidziwa. Malume anagwa m'munda mu Seputembala, ndipo kuyambira pamenepo mkono wawo wamanja sunkakweranso kupitirira phewa. Tsono ntchito ya mphesa yonse ndi ya m'mwamba, pansi pa thandala la mawaya pamene mipesa imayanga: kudulira, kumangirira, kuveka matsango tizipewa ta pepala kuti mvula isawaoletse, kukolola. Mwana wawo Michiyo anali atakonza kale chipinda ku Yokohama, ndipo anati adzawatenga mu Malichi. Kuno ku Katsunuma munda wa mphesa sausiya wokha. Ukangousiya chaka chimodzi, nguwi ndi tizilombo zimaswana n'kuwolokera kwa anansi. Choncho malume ankayenera kupeza munthu woutenga mipesa isanaphuke, apo ayi mipesa yonse khumi ndi inayi idulidwe.

M'botolomo munali vinyo wa m'munda womwewo. Chaka chilichonse ankapereka mphesa zawo kunyumba yofinyira ya alimi a m'mudzi mwathu, n'kulandira vinyo wawowawo. Ankamwera m'kapu ya tiyi, monga amachitira alimi onse kuno. Botololo linali ngati kalata yawo yofunsira ntchito.

Tinayambira pamalo aakulu opangira vinyo, ofikirako mabasi a alendo. Ine ndinaima kumbuyo kwawo manja ali m'thumba, poti woyendetsa salawa. Mtsikana wothira vinyo anawapatsa tambula ya mwendo wautali, n'kuwaonetsa kachidebe kolavuliramo.

"Ndilavule?" anatero malume. "Munthu wapsa ndi dzuwa chaka chonse kuti izi zifike pano, ine ndilavule?"

Anamwa mitundu isanu yonse mpaka dontho lomaliza, aliyense akumuyamikira. Kenako anayamba kumasula nsalu ija pang'onopang'ono. Mtsikanayo anawerama mwaulemu.

"Pepani agogo, zakumwa zochokera kunja siziloledwa muno."

"Nanga abwana anu alipo?"

"Apita kumsonkhano ku Tokyo. Musiye uthenga?"

Malume anamanganso nsaluyo. Potuluka tinadutsa pamalo oimikapo mabasi, ndipo onse awiri tinayang'ana kumbali. Pamenepo panali munda wa bambo anga. Ndinaugulitsa ndine, iwo atamwalira, chifukwa ndinatopa ndi kukhala moyo wonse manja ali m'mwamba. Malume anali asananditchulirepo ngakhale kamodzi.

Malo achiwiri anali a Akaike, mwana wa mnzawo wa kusukulu. Ameneyu anatilandira bwino, natilowetsa mkati momwe muli migolo, nawathirira vinyo watsopano. Malume anayamba ndi za nyengo. Anafunsa za manda a bambo ake a Akaike. Anadandaula za anyani amene ayamba kutsika m'phiri. Ine mtima unkangoti nenani, bambo inu, nenani. Patapita nthawi ndithu m'pamene anatulutsa botolo ndi kapu ya tiyi m'thumba la jekete.

Akaike analawa, natseka maso, nagwedeza mutu.

"Dzanja lanu silinasinthe, bambo."

"Munda ujatu umalandira dzuwa labwino la m'mawa," anatero malume, akuyang'ana kudenga.

"Zoona, zoona."

"Madzi sakhalitsamo."

"Ndithu. Tiganizirapo mofatsa, bambo."

Kuno mawu amenewo ndi ayi wovala suti, ndipo malume anawamva bwino lomwe. Anathokoza, nagulako botolo limodzi la Akaike. Iwo ali kuchimbudzi, Akaike anandikokera pambali.

"Achemwali, musandione ngati wouma mtima. Mphesa zimenezija ndimazisirira. Koma antchito anga onse ndi atali. Ndani angagwire ntchito tsiku lonse atawerama pansi pa thandala lija?"

Apa ndiye panali pagona nkhani, ndipo chigwa chonse chimadziwa. Thandala la malume ndi lalifupi kuposa la wina aliyense. Akazi awo, malemu azakhali a Tsuneko, anali kamunthu kondilekeza paphewa. Atangokwatiwa ankagwira ntchito ataima pabokosi, akumalikoka munda wonse. Chaka chachiwiri, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, bokosilo linapendekeka pamalo otsetsereka. Mwanayo sanakhale moyo. Nyengo yozizira imeneyo malume anafupikitsa nsanamira zonse za m'munda, imodziimodzi, okha, natsitsa thandala lonse mpaka pamene akazi awo akanafikira ataima pansi. Anthu anawaseka kuti amangira khola la nkhuku. Iwo pokhala nawonso aafupi sizinawavute, ndipo awiriwo anagwira ntchito mmenemo zaka makumi asanu, ataongoka.

Malo achitatu anati ali ndi minda yokwanira. Achinayi anati iwo masiku ano akubzala mphesa zakunja m'mizere, kuti thalakitala izidutsa. Achisanu sanamalize n'komwe kapu ija. Paliponse malume ankamwa zonse zimene awathirira, osalavula, ndiye pofika masana makutu anali atafiira. Ndinawaimika pamalo odyera n'kuwaitanitsira hoto, chakudya chathu cha msuzi wa maungu, koma anangochitakasatakasa.

"Tibwerere, malume. Mwaledzera."

"Ndaledzera ndi vinyo wa eni ake. Vuto lili pati?"

"Vuto ndi loti mukupempha osapempha. Bwanji osangonena kuti tengani munda wanga?"

"Ukanakhala ndi munda ukanadziwa."

Anangonena kamodzi komweko, koma mawuwo anandilasa. Ine sanandipemphe kuti ndiutenge, ndipo ndikanati ayi akanandipempha. Ndine wamtali ngati bambo anga, msana wanga ndi wotha kale ndi mpando wa takisi, komanso mphesa sindizifuna. Zonsezi ndi zoona, koma manyazi ndinali nawo, ndipo ndikadali nawo.

Malo otsiriza ndinawasankha ndine. Kumtunda kwa mtsinje kuli mayi wina wachitsikana, Naruse Sayaka, amene anasiya ntchito mumzinda n'kuyamba kupanga vinyo m'shedi yakale. Tinamupeza akutsuka migolo, atavala majombo. Atangoimirira ndinaona vuto. Anali wamtali kuposa ine.

Malume anali atatopa ndi kuzungulira. Analawa vinyo wake mmodzi yekha, nathira wawo m'kapu, nampatsa. Sayaka ananunkhiza nthawi yaitali. Anamwa pang'ono, namwanso.

"Agogo, mipesa yake ndi ya zaka zingati?"

"Waukuluwo anabzala ndi bambo anga."

"Mungandithirirenso?"

Malume anamuthiriranso mpaka kapu kudzaza. Tsiku lonse panalibe amene anapempha kachiwiri.

Tinapita naye kumunda nthawi yomweyo. Malume analowa pansi pa thandala ataongoka, chipewa chili kumutu. Ine ndi Sayaka tinalowa chowerama. Masamba anali atasanduka achikasu, ndipo mpesa waukulu uja unatambalala pafupifupi theka la munda, thunthu lake lokula ngati chiuno cha munthu. Sayaka analisisita. Poti adzuke anagunda mutu pawaya.

"Silingakwezeke thandalali?"

Malume anamuonetsa nthambi. Mawaya anali atalowa mkati mwa mtengo kalekale, khungwa litawamiza. Kukweza thandalalo kunali kuthyola mipesa yonse.

"Ndiyesa," anatero Sayaka. "Mu Januwale ndibwera kudzadulira. Ndikatha kudulira munda wonse, ndiutenga mmene uliri."

Pobwerera malume anaimba nyimbo m'galimoto. Ndinali ndisanawamvepo akuimba chimwalirire azakhali.

Sayaka anabweradi. Sindikufuna wina adzanene kuti mayi ameneyu sanayese. Tsiku loyamba anagwira ntchito atapinda khosi. Lachiwiri anabwera ndi kampando ka matayala, koma atakhala pansi manja sankafika, komanso kampandoko kankangotsetsereka. Lachitatu anayesa chogwada pabokosi. Malume ataona bokosilo nkhope inasintha.

"Tsikanipo pamenepo."

"Palibe vuto agogo, ndagwira bwino."

"Ndati tsikanipo. M'munda muno simulowa bokosi."

Tsiku lachinayi sanabwere. Mwamuna wake anaimba foni kuti khosi lauma, sakutha kutembenuka. Anali atadulira mipesa itatu yokha mwa khumi ndi inayi. Patatha sabata anafika yekha, atavala chomangira khosi cha kuchipatala, atanyamula bokosi la makeke. Anagwada pakhomo n'kulira. Anati malowo akhoza kuwatenga, koma ayenera kudula zonse n'kuyamba mwatsopano ndi thandala lalitali. Malume ndi amene anamutonthoza.

"Musalire, mayi. Simunadzipange nokha kutalika. Thandalali ndinamangira munthu mmodzi, ndipo linamukwana."

Ine ndinapsa mtima, koma wopsera mtima panalibe. Ndikalipire Sayaka? Ndikalipire Michiyo, amene ankangofuna kuti bambo ake asadzagwenso ali okha? Ndinapita kukatsuka takisi imene inali yoyera kale.

Febuluwale yense malume anazengereza. Mnansi wawo Akiyama, amene munda wake unagundana ndi wawo, ankabwera n'kukamba za nyengo, n'kuyang'ana mipesa, n'kubwerera osanena chimene wabwerera. Mipesa imayenera kudulidwa ikadali m'tulo, kukuzizira. Koma malume ankati mawa, mawa, mwina wina aimba foni. Panalibe anaimba. Pofika pakati pa Malichi kunja kunayamba kufunda, ndipo Michiyo anati akubwera Lamlungu.

Loweruka m'mawa Akiyama anafika ndi macheka a injini. Anavula chipewa.

"A Hosaka, ndiyambire uti?"

"Yambirani waukuluwo. Enawo asavute."

Malume anathira vinyo wotsala m'botolo lija patsinde, naimirira pambali. Akiyama anagwada, poti nayenso sakanatha kuimirira mmenemo. Sizinatenge nthawi. Chimene sindinayembekezere n'chakuti mpesawo sunagwe. Nthambi zake zinangotsala lende pamawaya, ngati palibe chachitika. Pansi pokha m'pamene panali mpata pakati pa chitsa ndi thunthu.

Kenako chitsacho chinayamba kutuluka madzi. Poti anachedwa kudula, mizu inali itadzuka kale, ikukoka madzi kuti itumize ku nthambi. Madzi oyera ankatumphuka pamwamba pa chitsa n'kumatsikira pansi, osalekeza. Malume anawerama, nagwira ndi chala, nalawa.

"Mizu sinamve," anatero. "Ikugwirabe ntchito."

Akiyama anayang'ana kumbali n'kupita pa mpesa wachiwiri. Pofika masana zitsa zonse khumi ndi zinayi zinali zonyowa.

Lamlungu Michiyo anawatenga. Malume anangonyamula chikwama chimodzi ndi kapu ya tiyi ija. Makiyi a shedi anandisiyira ine, kuti ndikapereke kwa Sayaka, poti malowo anali atamupatsa kuti ayambe mwatsopano.

Lachinayi lotsatira ndinapita kumundako kukatseka shedi. Ndinalowa chowerama monga mwa masiku onse. Chitsa chachikulu chija chinali chikutulukabe madzi, dothi lozungulira litasanduka matope. Ndili chiimire pomwepo foni inalira. Anali malume, ndipo ulendo uno anaimbira ine, osati ku ofesi.

"Harue, uli kuti?"

"Ndili kumunda, malume. Mukudya bwino kumeneko?"

"Zakudya zilipo. Wauona waukulu uja?"

"Ndauona."

"Wasiya kutuluka madzi?"

Ndinayang'ana nsapato zanga, zimene zinali zitamira m'matope.

"Wasiya, malume," ndinatero. "Pauma."